Amayi ati akukaona nangumi

Vidiyo yoyamba inalowa pa WhatsApp usiku wina mu Ogasiti 2023, ndipo inandimalizira bandulo. Inali ya masekondi 40 okha. Madzi otuwa, mphepo ikusokosa mu sipika, kenako chinthu chakuda chikutumphuka pang'onopang'ono ngati thanthwe laganiza zoyandama, n'kupemerera madzi m'mwamba. Chakumapeto kunamveka mawu a achimwene: "Waona zimenezo? Uwaonetse amayi."

M'mawa mwake ndinawapeza pakhonde akupeta nandolo. Anaika lichero pansi, anapukuta manja pachitenje, n'kuilandira foni ndi manja awiri monga amachitira nthawi zonse, ngati mbale yodzadza msuzi.

"Mvuu imeneyi?"

"Ayi amayi, ndi nangumi."

"Uja anameza Yona uja?"

"Kaya ngati ndi yemweyo. Koma ndi wa m'nyanja yamchere."

"Nanga mlongo wakoyo waima pati?"

Achimwene samaoneka, iwo ndi amene amajambula. Amayi anaionera vidiyoyo kasanu. Kachisanuko ndinaona kuti sakuyang'ananso madzi. Foni anali ataisendeza kukhutu, akudikira mawu a kumapeto aja.

Kwathu ndi m'mbali mwa Rivirivi, chakufupi ndi Utale, m'boma la Balaka. Amene anaudutsa mtsinje umenewu mu Seputembala akhoza kuupeputsa: mchenga mbee, ana akusewera mpira pakati pake, kamadzi kakuyenda cham'mbali ngati kakuchita manyazi. Koma bwerani mu Januwale mudzaone. Mu 2003 unakokolola mlatho wa njanji, sitima zopita ku Salima ndi Lilongwe n'kuima kwa zaka pafupifupi ziwiri. Madzi ake amathira mu Shire, Shire amathira mu Zambezi, Zambezi n'kukathira m'nyanja yamchere ku Mozambique. Ndiye kuti thovu la sopo amene timachapira limakafika kunyanja, pomwe m'banja mwathu, kupatula achimwenewo, palibe anaiponyapo diso nyanjayo. Ngakhale Nyanja ya Malawi amayi anaiona kamodzi kokha, ku Mangochi, pa ulendo wa amayi a kutchalitchi, ndipo akuti inawachititsa chizungulire.

Achimwene anachoka mu 2016, chaka cha chilala chija. Chimanga chinauma chisanamasule, thonje nalo linakana, ndipo anyamata a m'mudzi mwathu anayamba kusowa mmodzimmodzi, onse ulendo wa ku Joni. Anayambira ku Johannesburg, kenako Cape Town, mpaka anakakhazikika ku Hermanus, katauni ka m'mphepete mwa nyanja pa mtunda wa makilomita pafupifupi 120 kuchokera ku Cape Town. Kumeneko amasamalira maluwa ndi kapinga panyumba za anthu olemera. Anakwatira mtsikana wa ku Mangochi amene anakumana naye komweko, ndipo mu 2019 kunabadwa mwana wamkazi amene anamutcha dzina la amayi. Mwanayo amayi sanamunyamulepo. Amamudziwira pagalasi la foni.

Ambiri amene mukuwerenga izi muli ndi m'bale wanu kumeneko, ndiye mukudziwa mmene zimakhalira. Mmalawi akalowa mu South Africa ndi pasipoti amaloledwa kukhala masiku osapitirira 30. Ukapyola masikuwo n'kudzafuna kutuluka, pabodala amakulemba kuti ndiwe wosafunika m'dzikomo, ndipo ngati unapyola ndi masiku oposa 30 amakuletsa kulowanso kwa zaka zisanu. Achimwene anapyola ndi zaka. Kubwera kuno n'kotheka, basi ilipo. Chovuta n'kubwerera kumene kuli ntchito, mkazi ndi mwana. Bambo atamwalira mu Julayi 2020, nthawi ya Covid, achimwene anaonera mwambo wa maliro pafoni yomwe msuweni wathu anaigwirizira m'mwamba kumanda, netiweki ikudukaduka. Kuyambira pamenepo, amayi akafunsa kuti "ubwera liti?", yankho linali limodzi: "Disembala, amayi." Ma Disembala anadutsa atatu.

Ndiye patatha sabata vidiyo ija itafika, akucheza pafoni, achimwene anasintha nyimbo. Anati, "Bwanji inuyo mubwere kuno mudzaone anangumi?" Ananena moseka, ngati nthabwala. Amayi anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Amapezeka mwezi wanji?"

Ine ndinamva zomwe zinanenedwa ndi zomwe sizinanenedwe. Achimwene sakanatha kunena kuti sabwera. Amayi nawo sakanatha kunena kuti anyamuka kukalondola mwana amene akulephera kubwera kwawo, chifukwa zimenezo m'mudzi zimamveka ngati mwanayo ndi mtchona ndipo mayiyo wagonja. Koma kukaona nangumi! Imeneyo ndi misala chabe, ndipo misala anthu amaiseka n'kuiiwala. Onse awiri anagwira nangumiyo mwamphamvu, ndipo ntchito yokonza ulendo inagwera ine, mwini foni.

Ndivomereze chinthu chimodzi pano. Mwa anthu atatufe, amene anatengeka zenizeni ndi nyamayi ndine. Ndinayamba kuwerenga usiku, bandulo yotchipa ya pakati pa usiku ija, mpaka maso kuwawa. M'mawa ndimawafotokozera amayi ngati mwana wochokera kusukulu. Ndinawauza kuti nangumi si nsomba. Amapuma mpweya ngati ife, n'chifukwa chake amatumphuka n'kupemerera, ndipo amabereka mwana wamoyo n'kumamuyamwitsa.

"Kuyamwitsa m'madzi?"

"M'madzi momwemo."

"Zoona Mulungu salephera."

Mtundu umene umabwera ku Hermanus pachingerezi amautcha southern right whale. Wamkulu amatalika mamita ngati 15 ndipo kulemera kwake kumafika matani 50, kutanthauza njovu za ku Liwonde zisanu ndi zitatu kapena kuposa pamenepo. Alibe chipsepse pamsana, kumutu ali ndi zigamba zoyera zokhakhala zomwe n'zosiyana pa nangumi aliyense, moti akatswiri a pa University of Pretoria amene amawajambula ali mu helikopita chaka ndi chaka amatha kuzindikira kuti uyu ndi uja tinamuona zaka zitatu zapitazo. Akapuma, mpweya umatuluka mbali ziwiri ngati chilembo cha V. Za Yona zija, ndinawauza amayi kuti mtundu uwu sungameze munthu. Ulibe mano, uli ndi zinthu zangati chipeso m'kamwa zomwe amasefera tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi, tochepa kuposa bonya. Amayi anati nkhani ya Yona ndisaiyambe, si ya msinkhu wanga.

Chomwe chinawakhudza ndi china. Ananguwiwa amakhala kum'mwera kwenikweni, kumadzi ozizira a kufupi ndi Antarctica, kumene kuli chakudya chawo. Kuyambira cha mu Juni mpaka Novembala amabwera m'magombe a South Africa kudzabereka ndi kulera ana pamalo odekha. Mwana amabadwa wotalika mamita anayi kapena asanu. Miyezi yonse imene mayi akuyamwitsa kumeneko sadya kwenikweni, amangodalira mafuta a m'thupi mwake, n'kumaonda mwanayo akunenepa. Nditanena zimenezi amayi anasiya kusonkheza moto n'kundiyang'ana.

"Miyezi ingati?"

"Itatu, mwina inayi."

"Iii. Ngati 2002."

Sanawonjezere. Mu njala ya 2002 ine ndinali kumsana, achimwene ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Zomwe amayi ankadya chaka chimenecho ndinazimva kwa azakhali, osati kwa iwo.

Dzina loti right lija nalo lili ndi mbiri yake yoipa. Akuti alenje a m'nyanja ankati uyu ndiye nangumi woyenera kupha, chifukwa amasambira pang'onopang'ono, amayandikira kumtunda, ndipo akafa amayandama. Anawapha chifukwa cha mafuta mpaka anatsala ochepa kwambiri, ndipo mu 1935 maiko anagwirizana zoleka kupha mtundu umenewu. Omwe tikufuna kukawaonawa ndi zidzukulu za otsala aja.

Kenako ndinayamba kuwerengera njira, ndipo mtima unatsika. Kuchoka kuno kupita ku Blantyre. Kukwera basi ya ku Joni, kudutsa Zalewa, bodala ya Mwanza, Zobue, kuoloka Zambezi ku Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, Harare, Masvingo, mpaka Beitbridge, kumene mzere wake aliyense amene anadutsapo amaufotokoza akupukusa mutu. Kuchoka apo Musina mpaka Park Station ku Johannesburg. Amenewo ndi masiku awiri zinthu zikayenda bwino. Ndiye pali makilomita ena 1,400 kukafika ku Cape Town, usiku wathunthu ndi theka la tsiku m'basi ina, kenako kagawo komaliza ka ku Hermanus. Zonse pamodzi n'kupyola makilomita 3,000, kupita kokha, ndi mayi wa zaka 63 amene ali ndi BP komanso bondo lomwe limatupa akakhalitsa.

Apa mpamene ndinadziona wanzeru. Ndinapeza kuti anangumi ali pafupi kuposa pamenepo. Njanji yomwe imadutsa pa Nkaya, pomwe timamva sitima za malasha zochokera ku Moatize zikulira usiku, imapita ku Liwonde, Nayuchi, kulowa Mozambique pa Entre Lagos, Cuamba, Nampula, mpaka kunyanja ku Nacala. Kuchokera pa Nkaya ndi makilomita 700 ndi pang'ono. M'gombe limenelo, kuyambira Julayi mpaka cha mu Okutobala, mumadutsa anangumi a mtundu wina otchedwa humpback, a zipsepse zazitali, odziwika ndi kudumpha komanso kuimba. Sitima ya anthu imafika ku Nayuchi, ndipo ina imayenda pakati pa Cuamba ndi Nampula. Ndinalemba zonse papepala, ndalama zake zosafika ndi theka lomwe, n'kukawayalira amayi madzulo ngati loya.

Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati, "Anangumi a ku Nacalawo ine sindikuwadziwa. Ndikufuna aja ndinawaona pafoni."

Pepala lija ndinayatsira mbaula.

Chaka choyamba tinachedwa kale, nyengo inali ikutha, ndiye tinati 2024. Amayi anayamba kusunga ku banki m'khonde, ine ndimaika pambali kangachepe mwezi uliwonse, achimwene amatumiza pa Mukuru akapeza maganyu owonjezera. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Ndalama zinali zomwezo m'buku, koma tikaziwerengera mu ma rand zinali zitafota ngati masamba a nkhwani padzuwa. Tisanapume, mvula inadula mu Febuluwale, chimanga chinapsa m'munda, ndipo mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya chilala, Balaka ali momwemo. Ndalama za nangumi tinagulira matumba a chimanga. Palibe anatsutsa, palibenso anatchula za ulendo. Mu Seputembala achimwene anatumiza vidiyo ina, mayi ndi mwana wake akusambira moyandikana pansi pa phompho, koma ulendo uno sanalankhulemo mawu. Amayi anaionera kamodzi n'kundibwezera foni.

Ndinkaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Koma tsiku lina tikuchokera kumunda anangoti, "Chiphaso chija amapangitsa bwanji?" Tinapita ku Blantyre katatu. Ulendo woyamba tinaiwala pepala lina, wachiwiri tinajambulitsa, wachitatu tinakatenga. Wojambula anawauza kuti asamwetulire, ndipo iwo anamvera mopyola muyeso, moti pachithunzipo akuoneka ngati wina wawabera nkhuku. Pasipotiyo ili m'chikwama cha pulasitiki, m'kati mwa chitenje, pansi pa sutikesi, limodzi ndi chithunzi cha ukwati wawo. Lamlungu lililonse amaitulutsa kuona ngati chiswe sichinaipeze.

Nkhani itamveka m'mudzi, anthu anaseka monga tinkayembekezera. Kumjigo amawafunsa ngati adzabweretseko ndiwo. Amene sanaseke ndi amalume, mlongo wawo wa amayi, mwini mbumba. Anabwera Loweruka lina m'mawa, anakhala pampando wa bambo, anakana tiyi, n'kuyamba.

"Achemwali, ndamva zoti mukufuna kugulitsa mbuzi."

"Mwamva zoona, achimwene."

"Kuti mukaone nsomba."

"Akuti si nsomba. Imayamwitsa."

Ine ndinaluma mlomo. Amalume sanaone choseketsa, ndipo kunena chilungamo, zomwe ananena zinali zomveka. Mbuzi zisanu ndi ziwirizo ndiye banki ya amayi, ndiye chipatala chawo, ndiye feteleza wawo. Denga la kuchipinda likudontha. Mvula ikadzavutanso, adzagulitsa chiyani? Mwana ngati akufuna kuona mayi ake, njira akuidziwa, ndi yomwe anapitira. Nanga munthu wamkulu akakadwalira m'basi pakati pa Zimbabwe, atani mtsikanayu yekha? Mafunso onsewa nanenso ndinali nditadzifunsa usiku, ndipo mayankho ake ndinalibe.

Amayi anadikira kuti amalize. Kenako analankhula motsitsa, akuyang'ana pansi monga mwa ulemu, koma mawu ake osagwedera.

"Achimwene, bambo athu anapita ku Joni pa Wenela, inu muli wamng'ono. Ine ndi amayi tinawaperekeza mpaka pasiteshoni. Mwana wanga anapita, ndinamuperekeza mpaka pamsewu. Bambo a anawa ndinawaperekeza kumanda. Moyo wanga wonse ine ndi woperekeza. Ulendo uno mundiperekeze ineyo."

Amalume anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anapempha tiyi uja. Pochoka anandiitanira kuseri n'kundiuza kuti mbuzi tisagulitse kwa mavenda a pamsika wa pafupi, iwo akudziwa munthu wa ku Balaka amene amagula bwino. Agogo athuwo, ndinamva tsiku lomwelo, anabwerako mu 1974, chaka chomwe ndege yonyamula anthu a ku migodi inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu n'kuimitsa zolemba anthu ntchito za Wenela. Anakhala zaka zambiri pansi pa nthaka ya Joni, koma nyanja sanaione. Ndipo malo amene tikakwerere basi ku Blantyre mpaka lero amatchedwa Wenela.

Tsopano ulendo wakhazikika pa Seputembala, ndipo mwezi umenewu sitinausankhe chifukwa cha anangumi okha. Zinangochitika kuti kalendala yawo ndi yathu zikugwirizana. Thonje timakhala titagulitsa, nandolo tayamba kukolola (ngakhale mtengo wake umadalira zomwe aganiza ku India, osati thukuta lathu), ndipo mvula yoyamba imakhala isanagwe. Amayi anena kale kuti pofika pakati pa Okutobala akhale ali kuno akupanga mizere, nangumi aoneke asaoneke. Kumapeto kwa Seputembala ku Hermanus kumakhala chikondwerero cha anangumi, anthu amadzadza tauni yonse, koma achimwene ati tipewe masiku amenewo. Mabwana awo onse amabwera kunyumba zawo za kunyanja, ntchito imachuluka, sangapeze ngakhale tsiku limodzi lopuma. Ndiye tikufuna tikafike kumayambiriro kwa mwezi.

Zambiri zomwe ndaphunzira pokonza ulendowu n'zazing'onozing'ono, zomwe palibe amakuuza mpaka utafunsa munthu amene anayendapo. Masiku 30 aja amayamba kuwerengedwa pa Beitbridge, osati pomwe wafika, ndipo uyenera kuyang'ana chidindo usanachoke pawindo chifukwa tsiku lomwe alembapo ndilo lamulo, angakupatse ochepa. Adiresi ya komwe ukupita ikhale yolembedwa papepala, osati mufoni mokha, poti foni imatha moto. Mankhwala a BP a miyezi iwiri tikatenge limodzi ndi buku la kuchipatala, ndipo akhale m'kachikwama ka m'manja, osati m'katundu wa pansi pa basi. Ku Johannesburg tikagona masiku awiri kwa msuweni wathu kuti bondo lipume tisanakwere basi yachiwiri. Ndipo kuzizira. Ife Seputembala timamudziwa ngati chiyambi cha ng'anjo, Balaka akamatentha mpaka nsapato kumata pa tala, koma ku Cape nyengo ndi yotembenuka: mvula yawo imagwa miyezi yozizira, ndipo mu Seputembala mphepo ya kunyanja imalowabe m'mafupa. Ndinawagulira amayi chijasi pa kaunjika mu msika wa Balaka, chofika m'mawondo. Anachiyesa masana dzuwa lili pamutu, ana a m'mudzi n'kumagwa ndi phwete.

Nkhani ya boti tinaitseka msanga. Kuli maboti amene ali ndi chilolezo chotengera alendo kufupi ndi anangumi (ena onse lamulo limati asayandikire kupyola mamita 300), koma mtengo wa munthu mmodzi ndi mbuzi yathunthu ndi kamwana kake, ndipo munthu amene anachita chizungulire ataima pamchenga ku Mangochi sindingamuike pa mafunde. Mwayi wake, Hermanus amatchuka chifukwa choti sufunika boti. Tauniyo inakhala pamwamba pa maphompho oyang'ana Walker Bay, ndipo m'mphepete mwake muli kanjira ka oyenda pansi ka makilomita pafupifupi 12, kaulere, kokhala ndi mabenchi. Anangumi amafika pafupi moti umamva kupuma kwawo. Kuli ngakhale munthu amene ntchito yake ndi kuyendayenda ndi lipenga lopangidwa ndi chomera chouma cha m'nyanja, kuliza akaona nangumi kuti anthu adziwe koyang'ana. Amayi atamva anati ndiye kuti ali ngati uja amalengeza msonkhano wa amfumu, ndipo anafunsa ngati amalipidwa. Amalipidwa.

Ndawachenjeza kuti nyama si sitima, ilibe nthawi. Tikhoza kukhala pabenchi tsiku lonse osaona kanthu, ndipo zaka zina anangumi amabwera ochepa. Anandiyankha kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndiponso kuti munthu amene wadikira zaka zisanu ndi zinayi sangalephere kudikira masana amodzi.

Chomwe chikundisowetsa tulo si mabodala. Achimwene amakhala ku Zwelihle, komwe kumakhala anthu ambiri ogwira ntchito m'tauniyo, m'kachipinda kamodzi ka malata kuseri kwa nyumba ya munthu wina. Ine ndikudziwa chifukwa alamu anandionetsa pa vidiyo tsiku lina, bedi, katebulo, sitovu, ndowa, zonse m'chipinda chimodzi. Amayi sakudziwa. Zithunzi zomwe akhala akulandira zaka zonsezi ndi za achimwene ataima pa kapinga wobiriwira, kumbuyo kuli nyumba yosanja ndi galimoto yoyera. Sananame kuti ndi zawo, koma sananenenso kuti si zawo, ndipo amayi azionetsa kwa mudzi wonse. Mwezi watha achimwene anandiimbira usiku, mawu ali pansipansi.

"Chemwali, uwakonzekeretse amayi. Asadzadabwe."

"Muwauze nokha, achimwene."

"Ndiyambira pati?"

Palinso mwambo. Mayi sangagone chipinda chimodzi ndi mwana wake wamwamuna ndi mkazi wake, zimenezo ngakhale ku Joni sizisintha. Ndiye agwirizana kuti achimwene azikagona kwa mnzawo wa ku Machinga amene amakhala mzere womwewo, ife akazi anayi, kuwerengera kamwanako, tizigona m'chipindamo. Alamu akuda nkhawa ndi chilichonse: ufa wa m'sitolo wa kumeneko amayi akaukonda? Mwana amalankhula Chingerezi ndi Chixhosa cha kusukulu ya mkaka, Chichewa chake n'cha "bwela" ndi "zikomo", agogo ake akamva bwanji? Ndinawauza kuti asavutike, koma nanenso sindikudziwa.

Ndinayesa kuwakonzekeretsa amayi monga anandipempha. Ndinazungulira, ndinayamba ndi kudula kwa nyumba za lendi kunja, ndinati anthu ambiri kumeneko amakhala mothinana. Anandidula.

"Ukuganiza kuti ine ndi mwana? Munthu wa nyumba yosanja amatumiza ndalama zija amatumiza mlongo wakozi? Nyumba ija ndi ya abwana ake. Ndinadziwa kalekale."

"Nanga bwanji mumaonetsa anthu?"

"Chifukwa maluwawo anadzala ndi iyeyo."

Sindinawauzebe achimwene za kucheza kumeneku. Mwina ndiwauza, mwina ndisiya akaone okha. Chomwe sindingathe kukonza ndi tsiku lomwe amayi adzafunse funso lija maso ndi maso, popanda netiweki yoti iduke. Sindikudziwa ngati adzalifunse pabenchi paja kapena m'kachipinda kaja, ndipo sindikudziwa ngati achimwene adzanenenso kuti Disembala. Ndaganizapo zowapempha amayi kuti asakafunse. Koma si ine ndagulitsa mbuzi.

Pakadali pano akuchita zomwe akuzitcha mapulakatisi. Madzulo aliwonse dzuwa likapepa amayenda kuchoka kunyumba mpaka kumtsinje n'kubwerera, ati bondo lizolowere kanjira ka kumaphompho kaja. Telala wasoka madiresi awiri a mdzukulu, lina lalikulupo, poti msinkhu wa pafoni sudalirika. Akufuna kunyamula ufa woyera, usipa, nandolo, chigumu ndi thelele louma. Achimwene ati zina mwa zimenezi pabodala akhoza kulanda, amayi ati akalande akaone. Dzana anandifunsa ngati nangumi akatumphuka anthu amaomba m'manja kapena amangokhala chete, kuti asakachite zachilendo pagulu. Ndinati sindikudziwa, tikaonera anzathu.

Munthu wa ku Balaka uja anabwera dzulo ndi njinga yamoto yomangirira dengu kumbuyo, amalume ali pambali ngati mboni. Amayi analowa okha m'khola. Anatulutsa tonde, anatulutsa ziwiri zofiira zija, anakambirana mtengo mpaka wogulayo anavula chipewa n'kudzipepesa nacho. Kenako maso ake anagwera pa yakuda ija, yamawanga pamphumi, ndipo anati akhoza kuwonjezera ndalama yabwino ngati angatenge imeneyonso.

"Imeneyo ayi, bambo," anatero amayi akutseka chitseko cha khola. "Ili ndi bere. Tikabwerako tidzaipeze ndi ana."